Makalata a m'Chitini cha Adona Gweni

Amayi,

Kaya mwadzuka bwanji kumeneko komwe munatsogolako? Ife kuno ku Joni tilipo, kungoti chisanu chabwera msanga chaka chino. M'mawa ndikamadikira takisi ku Soshanguve zala zimachita kuuma, ndiye ndimakumbukira mmene munkatisekera tikamakana kutuluka m'bulangete ku Tsangano, mukuti ana inu m'thupi mwanu mulibe magazi, muli tiyi wa dzulo. Mpaka lero sindinapeze chokuyankhani.

Ndakhala pansi kuti ndikulembereni chifukwa cha mdzukulu wanu Tadala. Musadzidzimuke, sakudwala, kudya akudya ndipo kusukulu akukhoza. Vuto ndi lakuti mwanayu Chichewa sachimva, ndipo ndaona kuti zikapitirira chonchi adzakula osakudziwani. Nkhaniyi yandisowetsa mtendere. Ndifikako, koma ndiyambe ndi za kumudzi, chifukwa ndimakudziwani, simungandimvetsere musanamve za munda wanu.

Achimwene a Yohane akolola. Chimanga sichinachite bwino kwenikweni, mvula inadula chikungoyamba kumasula, koma akuti nkhokwe yafika pakati ndipo njala sigona m'nyumba. Kachewere ndiye wabereka, mpaka amalonda anachita kubwera ndi galimoto pakhomo. Alamu anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo am'patsa dzina lanu. Ndinamumva akulira pafoni. Mmero wake ndi wanu weniweni, a kutsidya kwa dambo anadziwa kuti kwabadwa munthu popanda wowatumira uthenga. Mbuzi yanu ya mawanga ija sinasinthe khalidwe. Inalowanso m'dimba la eni ake n'kudya kabichi, koma akuti aikhululukira chifukwa ndi yamasiye. Khitchini yanu inagwa denga ndi mvula yomaliza. Achimwene akuti afolera udzu ukauma, koma mwana wanu mukum'dziwa, mawa lake limatenga miyezi.

Kuno bambo a Tadala bondo likuwavutabe. Nyengo yozizira ino kapinga sakula, ndiye mabwana ena a m'magaladeni amawauza kuti azibwera mwa apo ndi apo. Poti manja awo sakhala chete, adzala mpiru m'matayala akale kuseri kwa chipinda chathu. Mayi mwini nyumba poyamba ankadandaula kuti tikumuthera madzi, pano ndi amene amayamba kufika ndi mbale.

Ine ndikadali kwa adona Gweni ku Queenswood, mzungu wokalamba uja munkati ndizimufululira thobwa kuti anenepeko. Anagwa m'bafa miyezi yapitayi, ndiye mwana wawo wa ku Cape Town wawapezera malo ku nyumba yosamalira okalamba. Za ntchito yanga musade nkhawa, a nyumba yoyandikana nayo anena kale kuti anditenga. Choncho masabata onsewa takhala tikutulutsa katundu m'makabati, ichi cha kutchalitchi, ichi chotaya, ichi chopita nawo. Pamwamba pa kabati ya zovala, kuseri kwa mabulangete, ndinapeza chitini cha mabisiketi chadzimbiri. Ndinkayesa muli mabatani ndi ulusi ngati chanu chija. Nditatsegula ndinapeza makalata omangidwa ndi ulusi wa juzi, ndi timabuku tokwana m'thumba la malaya, tolembedwa ndi pensulo mpaka m'mphepete.

Adona anandiuza kuti ndi za bambo awo. Bambowo anali msilikali pa nkhondo yaikulu yachiwiri ija, imene inatenganso amuna a kwathu. Kwawo kunali ku Wales. Ine ndinkayesa azungu onse a ku Mangalande ndi amodzi, koma ayi, nawonso ali ndi mitundu yawo. Akuti Wales ndi kadziko ka mapiri, nkhungu ndi nkhosa, ndipo anthu ake ali ndi chilankhulo chawochawo, Chiwelishi, chimene Mngelezi sachimva ngakhale pang'ono. Ali mnyamata ku nkhondo, kuchipululu, ankalembera amayi ake makalata, ndipo m'timabukumo ankalemba zimene waona tsiku limenelo. Nkhondo itatha anabwera kuno kudzagwira ntchito ya zitsulo, n'kukwatira konkuno. Amayi ake atamwalira, mlongo wake anasonkhanitsa makalata onse n'kumutumizira m'chitinimo.

Ndinafunsa adona kuti makalatawo akuti chiyani. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti sakudziwa. Amayi, munthu wa imvi mutu wonse, mphunzitsi wopuma pantchito, wasunga chitini zaka zonsezi osatha kuwerenga ngakhale mzere umodzi. Bambo awo sanawaphunzitse. Ankati kuno Chiwelishi sichingapezetse munthu ntchito, ndiponso mwana wolankhula zachilendo anzake amamuseka. Ndiye pakhomo chinali Chingelezi chokhachokha. Chiwelishicho ankalankhula ndi galu, kapena akadzimenya chala ndi hamala.

Mwana wa adona wa ku Cape Town uja ndi amene anafufuza n'kupeza kuti ku Wales kuli nyumba yosungiramo zolemba zakale, komwe kuli kale makalata ndi timabuku ta asilikali ena a kumeneko. Akuti amazisunga m'makatoni apadera, m'zipinda zimene njenjete ndi chinyezi sizifika, ndipo munthu wofuna kudziwa za agogo ake amapita n'kukawerenga. A kumeneko anavomera kulandira chitini chathuchi, ndipo mtsikana wina wogwira ntchito kumeneko anaimba foni ya kanema kuti atilangize kalongedzedwe kake. Anachita bwino kuimba tsiku limenelo, chifukwa ine ndinali nditayatsa kale simbi kuti ndiwongole makalata opindika, selotepi ili pambali yomatira ong'ambika. Si inu munandiphunzitsa kuti chinthu chopita kwa alendo chizipita chosita? Mtsikanayo ataona simbi anatsala pang'ono kutulukira m'foni. Anati simbi ayi, selotepi ayi, kansalu konyowa ayi, ngakhale mchenga umene uli m'mapindo ndiusiye momwemo. Ndisambe m'manja, ndiumitse, ndizigwira pepala m'mbali. Ndinamvera, ngakhale mumtima ndinkati anthu awa akukasunga litsiro.

Titatsala pang'ono kutsazikana, adona anam'pempha mwamanyazi, ngati mwana wopempha shuga, kuti awawerengereko kalata imodzi zisanapite. Manja awo amanjenjemera, ndiye ndine ndinaigwira kalatayo patsogolo pa foni. Mtsikanayo anayamba kuwerenga m'Chiwelishi. Chilankhulo chake chimamveka ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga kwinaku akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Ine ndinkafuna kuseka, koma nditayang'ana adona ndinaona milomo yawo ikugwedezeka, maso atatsinzina. Mawu sankawamva, koma kamvekedwe kake ankakadziwa.

Kenako anamasulira m'Chingelezi. Munalibe za mfuti m'kalatamo. Mnyamatayo ankauza amayi ake kuti masokosi afika, koma imodzi ndi yaitali kuposa inzake, ndiye ankafunsa ngati analukira iye kapena hatchi ya anansi. Ankati mchenga uli m'buledi, uli m'tiyi, akadzabwera adzam'gwiritse ntchito pomangira khola. Ankafunsa ngati nkhosa yotsimphina ija yaswa. Ankawaletsa kukwera phiri okha kupita ku mapemphero kukamagwa mvula, n'kuwatsimikizira kuti iye wanenepa mpaka lamba sakukwana. Mtsikanayo anatiwerengeranso tsamba limodzi la m'kabuku, la masiku omwewo. M'menemo munalibe za kunenepa. Analemba kuti ali ndi njala, ali ndi mantha, ndipo aika m'manda mnzake amene anakulira naye limodzi. Apa ndinamumvetsa mwana wa eni akeyo, chifukwa ife a ku Joni tonse timanenepa tikamaimba foni kumudzi.

Foni inadulidwa. Adona ndinawapangira tiyi, sanamukhudze. Patapita nthawi anati, “Edina, bambo anga sanandiuzepo nthabwala ngakhale imodzi. Ndinkayesa anali munthu wouma mtima. Kani nthabwala zawo zonse zinatsalira m'chilankhulo chinacho. Ndinakhala nawo mpaka kuwaika m'manda, koma munthu wa m'kalatayu sindinakumanepo naye.” Analira, Amayi, ndipo nanenso ndinalira nawo, poti munandilera kuti munthu salira yekha ine ndilipo.

Pobwerera, m'takisi, mutu wanga unali pa inu. Adona bambo awo anawadziwako theka, la m'Chingelezi. Koma inu m'Chingelezi mulibemo n'komwe. Chingelezi chanu chinali sole ndi thenkyu, ndipo zonse ziwiri munkazinena ngati mukukalipa. Kuseka kwanu, mapemphero anu, mmene munkatchulira dzina la munthu akalakwa, zonsezo zili m'Chichewa. Makalata simunandisiyire, poti cholembera chinali mdani wanu. Chimene ndili nacho ndi mauthenga a mawu amene munkanditumizira pa foni ya achimwene. Onse alipo, sindinafufute ngakhale umodzi. Foni yakale itayamba kuvuta ndinaimirira pamutu pa m'bale wa ku Mangochi amene amakonza mafoni m'tauni, mpaka anasamutsa mawu anu onse ndikuona. Chimenecho ndiye chitini changa, ndipo tsiku lina chidzakhala cha Tadala. Ndinamuona m'maganizo ali ndi imvi, atagwira foni, akupempha mlendo kuti amuuze zimene agogo ake akunena.

Mwina mufunsa kuti zinatheka bwanji, makolo onse awiri Achewa. Kuno ambiri timatero, Amayi. Kukayamba mphekesera zothamangitsa alendo, ife amene amatinyoza kuti makwerekwere, m'takisi timakhala chete, foni ikalira timaisiya ilire. Ana timawauza kuti panja Chipedi cha eni dziko, kusukulu Chingelezi, Chichewa ndi cha m'nyumba. Koma m'nyumbamo timafika titatopa, mwana ukamufunsa amakuyankha m'Chingelezi, iwe n'kungozisiya poti mwamvana. Sindikudziimba mlandu, ndinkateteza mwana wanga. Msilikali uja nayenso ankateteza wake. Kungoti ine mapeto ake ndawaona ndi maso, atakhala pampando akulirira pa kapu ya tiyi.

Nditawafotokozera bambo a Tadala sanagwirizane nazo. Anati, “Eish, amake Tadala, mukufuna mwanayu azimutcha kwerekwere kusukulu? Panopa palibe amene amadziwa kuti ndi wa ku Malawi. Zili shapu momwemu.” Ndinawafunsa ngati Tadala mwini wakeyo akudziwa. Anangoyamba kusisita bondo.

Lamlungu lake, titabwera ku tchalitchi, ndinam'khazika pakhomo padzuwa kuti ndimuluke tsitsi, n'kutsegula uthenga wanu umodzi. Unali uja munkasimba za amayi a chigwirizano atakangana pa maliro chifukwa cha mphika, inu n'kumaseka mpaka kutsokomola. Tadala anatembenuka n'kundifunsa m'Chipedi kuti, “Mama, ke mang?” Ankafunsa kuti ameneyu ndi ndani. Zinandipweteka, Amayi, ngakhale ndikudziwa kuti munaonana naye kamodzi kokha ali kumsana. Ndinati ndi agogo ako. Anamvetsera, ndipo mutayamba kuseka naye anaseka, osadziwa chimene akusekera. Kenako anati, “O reng?” kufuna ndimuuze zimene mukunena. Ndinayesa kumasulira m'Chingelezi, koma nthabwala yanu inafera m'kamwa mwanga, inatuluka madeya okhaokha. Mwanayo anayasamula n'kupempha foniyo kuti asewere gemu. Dzanja linandiyabwa, koma ndinadzigwira. Ndinapita ku mpopi ngati ndikukatunga madzi.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kumulankhula Chingelezi m'nyumba. Ayankhe m'chilichonse, koma ine ndi Chichewa basi. Ndikati tenga tsache ndimaloza tsache, ndikati tseka chitseko ndimaimirira mpaka atseke. Anakwiya nane kwambiri. Tsiku lina tikudya anakankha mbale, n'kunena m'Chingelezi chake chosalala kuti iye safuna chilankhulo cha makwerekwere. Bambo ake, omwe aja ankakana, anasamba m'manja pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana. Anati, “Ndiye kwerekwere woyamba m'nyumba muno ndine, wachiwiri ndi amako, wachitatu ndiwe. Sendera udye.” Ananena m'Chichewa, ndipo sindikudziwa kuti mwanayo anamva mawu angati, koma anasendera. Mawa lake ndinawamva kuseri ku matayala aja akumuuza kuti ili ndi khasu, uwu ndi mpiru, uku ndi kuthirira. Sindinawafunse kuti asintha liti maganizo. Mwamuna ukamufunsa zimenezo amabwerera pomwe anali.

Chitini chija chinanyamuka sabata yatha. Tinalongedza monga anatiuzira, pepala lililonse pakati pa mapepala oyera, mchenga wake uli momwemo. A ku Wales alonjeza kuti adzawatumizira adona zonse zomasulira. Akuyembekezera, koma okha akuti zomasulira zili ngati kumva fungo la nyama ya kwa anansi. Anyamata onyamula katundu atachoka ndinawauza adona za Tadala. Anandigwira pamkono, n'kunena kuti, “Akakwiya mulekeni akwiye. Ine bwenzi nditakwiya chaka chimodzi, m'malo molira ndili nkhalamba.”

Tsopano imvani za dzulo, chifukwa ndi zimene zandikhazika pansi ndi pepalali. Masana ndikuchapa, Tadala anabwera n'kuima pambali pa beseni. Anati, “Mama, ndifuna agogo.” M'Chichewa, Amayi, chopindika koma Chichewa. Ndinapukuta m'manja n'kum'patsa foni. Anayendetsa chala yekha n'kusankha kauthenga kakafupi, poti aatali amamutopetsa. Kanali ka masiku aja mutayamba kale kudwala, mawu anu atachepa. Munkati, “Edina, um'patse foni mwanayo. Tadala, iwe Tadala, ndine agogo ako. Wadya? Ubwera liti kudzandiona?” Nthawi imene munatumiza ndinakuyankhani ndine m'malo mwake, kuti ali bwino, akupereka moni.

Mwanayo anaima chilili. Anabwereza kauthengako, n'kubwerezanso. Dzina lake analimva, ndipo “wadya” anamumva yekha popanda womuthandiza, poti ndi mawu amene amawamva tsiku lililonse. Funso linalo ndinamubwerezera pang'onopang'ono, ndikuloza iye, ndikuloza kumpoto, mpaka anagwedeza mutu. Ndisanazindikire chimene akuchita, anadina pojambulira mawu, n'kuika foni pakamwa. Anati, “Agogo, ndadya. Ndadya mpiru. Ndibwera.” Atachotsa chala uthenga unapita.

Sindinathe kumuuza kuti kumene watumizako simuliko. Akudziwa kuti munamwalira, si mwana wakhanda, koma anaona kuti munthu wamufunsa funso ndipo sanayankhidwe. Ndinangomukumbatira ndi manja a sopo.

Uthengawo unafikira pa foni ya achimwene, ali pamsika ku Tsangano akugulitsa kachewere. Anaimba dzuwa lisanalowe. Akuti anautsegula pakati pa anthu osadziwa kuti ndi chiyani, ndipo bambo wamkulu ngati uja anakhala pa thumba n'kumalira, ogula n'kumayesa kuti kwagwanso maliro. Poti kumanda munthu sapitako chisawawa, akuti atafika kumudzi anakaima pakhonde panu n'kuutsegula mokweza. Ndiye ngati munamva kamawu kachilendo pakhomo panu, kolankhula ngati kali ndi mbatata yotentha m'kamwa, musafunse kuti ndi mwana wa yani. Ndi wanu, akuyankha funso lanu.

Sindikunamizani kuti zatheka. Mawu amene akudziwa sangadzaze chipande, ndipo akakhala ndi anzake amandiyang'anabe ndi diso loti ndisatsegule pakamwa. Ine m'takisi ndimakhalabe chete, mantha sanathe. Koma wanena yekha kuti abwera, ndipo mawu a mwana kwa agogo ake sindingalole kuti agwe pansi. Tagwirizana ndi achimwene kuti chiliza chanu timange chilimwe chino, mvula isanagwe. Ndikulonjeza kuti ndidzabwera naye, ndipo tsiku limenelo ine ndidzaima kumbuyo. Adzakupatsani moni yekha, popanda womasulira. Akadzalakwitsa musadzamuseke kwambiri, mukudziwa mmene mumasekera.

Ndakusowani, Amayi, ndipo ndimakukondani monga kale.

Ine mwana wanu,
Edina